Étienne-Jules Marey, Mlenje Wosapha Mbalame

Chiyambire kalekale anthu akhala akuyang'ana mbalame zikuuluka, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene akadatha kufotokoza bwinobwino chimene phiko limachita likamakupiza, pakuti diso la munthu nlochedwa pamene phiko nlofulumira. Amene adamasula chinsinsi chimenechi ndi Étienne-Jules Marey wa ku France.

Marey adabadwa pa 5 Malichi 1830 m'tauni ya Beaune, dera lotchuka ndi vinyo. Ali mnyamata mtima wake udali pa makina, koma atate ake adafuna kuti akhale dokotala. Iye adamvera, napita ku Paris, kumene adatsiriza maphunziro a udokotala m'chaka cha 1859. Komabe chikondi cha makina sichidamchoke. M'chaka cha 1860 adakonza kachipangizo komanga pa mkono, kamene kankalemba kugunda kwa mtsempha wa magazi, ndipo m'chaka cha 1869 adakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Collège de France.

Atatembenukira ku mbalame, adayamba kuveka nkhunda tizingwe ndi timapaipi ta mphira tolumikizidwa ku cholembera. Njirayi idamthandiza kuŵerenga kuti phiko limakupiza kangati pa sekondi imodzi. Vuto lidali lakuti mbalame yomangidwa siuluka monga iulukira ili mfulu, ndiponso mzere wa papepala sunkaonetsa m'mene nthenga zimakhalira.

M'chaka cha 1878 adaona zithunzi za kavalo wothamanga zimene Eadweard Muybridge adajambula ku California. Muybridge ankandandalika makamera ambiri m'mbali mwa njira, ndipo kavalo podutsa ankajambulidwa ndi iliyonse. Koma mbalame ilibe njira yoikika. Imakwera, imatsika, imakhota pamene yafunira. Tsono Marey adazindikira kuti pafunika kamera imodzi yotha kuilondola monga achitira mlenje.

Motero m'chaka cha 1882 adakonza kamera yooneka ngati mfuti. M'mpope wake adaikamo galasi la kamera, ndipo kumbuyo kwake kudali kambale kozungulira kolandira zithunzi. Akakoka choombera, kambaleko kankazungulira nkuima, kuzungulira nkuima, ndi kutenga zithunzi 12 pa sekondi imodzi. Chithunzi chilichonse chinkajambulidwa pa kamphindi kochepa zedi, gawo limodzi mwa magawo 720 a sekondi, kotero kuti phiko linkaoneka ngati laima.

Mfutiyi adaiyesera ku Posillipo, pafupi ndi mzinda wa Naples ku Italy, kumene ankakhala nyengo yozizira. Sadafunefune mbalame zachilendo ai. Adasankha mbalame wamba zoyerera za kunyanja zimene Angelezi amazitcha gull, zomwe zidali mbwee pa gombelo. Akuti anthu akumaloko ankamuyesa wamisala, chifukwa ankamuona akulozetsa mfuti kumwamba, koma osamva kulira kwake kapena kuona mbalame ikugwa.

Zithunzi zoyambazo zidali zazing'ono ngati sitampa, ndipo Marey sadakhutire nazo. Atabwerera ku Paris adatsegula malo ofufuzira ku Parc des Princes, kumene ankathandizana ndi Georges Demenÿ. Kumeneko ankaulutsa mbalame zoyera patsogolo pa chisakasa chakuda bii, ndi kujambula maulendo angapo pa galasi limodzi lomwelo. Chithunzicho chikatuluka, mbalame imodzi inkaoneka ngati mndandanda wa mbalame zotsatana, iliyonse phiko lake lili pamalo pake.

Apa mpamene zidaoneka poyera kuti phiko silingokwera ndi kutsika ngati chivindikiro cha bokosi. Likamatsika limatambasuka lonse, nthenga zitagwirana, ndipo limapita pansi ndi kutsogolo komwe. Likamakwera limapindika pang'ono kuti lisalimbane ndi mphepo. M'chaka cha 1887 Marey adaumbitsa zifanizo za mkuwa zoonetsa mbalame ya kunyanja ija pa gawo lililonse la kukupiza kwake, ndipo m'chaka cha 1890 adasindikiza buku lotchedwa Le Vol des oiseaux, lofotokoza za kuuluka kwa mbalame.

Ntchito yake idabala zipatso ziŵiri zazikulu. Kamera yake ya m'chaka cha 1888, yojambula pa lamba wautali woyenda, idathandiza kutsegula njira ya kanema, ngakhale mwini wake sankasamala zosangalatsa anthu. Chimene ankafuna ndi kuona zimene diso silitha kuona. Chipatso chachiŵiri chidagwera anthu ofuna kuuluka. Wilbur Wright wa ku America adaŵerenga zolemba za Marey asadapange ndege yake pamodzi ndi mng'ono wake Orville.

Ndegeyo idauluka pa 17 Disembala 1903. Patangopita miyezi isanu, pa 15 Meyi 1904, Marey adamwalira ku Paris ali ndi zaka 74.