Jacques Cousteau, Mmisiri wa Midzi ya Pansi pa Nyanja

Ambiri a ife tikamva za nyanja timaganiza za nsomba ndi ngalawa basi. Koma kudali munthu wina amene adafuna kumanga nyumba pansi pa madzi, kuti anthu azigona ndi kugwira ntchito momwemo. Dzina lake ndiye Jacques-Yves Cousteau.

Iye adabadwa pa 11 Juni 1910 ku Saint-André-de-Cubzac m'dziko la France. Atakula adalowa usilikali wa pamadzi, ndipo mtima wake udali pa kuyendetsa ndege. Tsoka ilo, adachita ngozi ya galimoto nathyoka mikono, ndipo za ndege zidathera pomwepo. Pofuna kulimbitsa mikonoyo adayamba kusambira m'nyanja ya Mediterranean, ndipo zimene adaona pansi pa madzi zidamkoka mtima moyo wake wonse.

M'chaka cha 1943 iye pamodzi ndi Émile Gagnan, mmisiri wa kampani ya Air Liquide, adapanga chipangizo chotchedwa Aqua-Lung, chimene munthu amabereka kumsana napuma nacho ali pansi pa madzi. Apongozi a Cousteau adali mmodzi wa akuluakulu a kampani yomweyo. Pamenepa tiyamba kuona khalidwe lake: adali wodziwa kupeza khomo loyenera kugogoda.

Pakuti iye sadali wachuma, ndipo ntchito za panyanja zimadya ndalama koopsa. M'chaka cha 1950 munthu wina wolemera, Loel Guinness, adagula ngalawa yotchedwa Calypso nambwereka Cousteau, kuti azilipira franc imodzi yokha pachaka. Ngakhale zidali tero mafuta adali kusowabe, kotero kuti mkazi wake Simone adagulitsa zokometsera zake za mtengo wapatali kuti ngalawa iyende. Bungwe la National Geographic Society la ku America lidathandizako. Mphunzitsi wa ku MIT, Harold Edgerton, adadza ndi nzeru zake zojambulira zithunzi mumdima wa pansi pa nyanja. M'chaka cha 1954 Calypso idagwira ganyu kwa a kampani ya mafuta ya ku Britain, kufufuza pansi pa nyanja kufupi ndi Abu Dhabi. Ndipo kuyambira 1957 Cousteau adakhala mkulu wa nyumba ya maphunziro a zam'nyanja ku Monaco, udindo umene udamuyandikiza kwa akatswiri a sayansi.

Nanga kugona pansi pa madzi kudali ndi phindu lanji? Munthu akamira mozama, mpweya wina umalowerera m'magazi mwake, ndipo akavuuka msanga amapuwala kapena kufa kumene. Tsono ayenera kukwera pang'onopang'ono, ndipo nthawi yambiri imathera m'njira. Koma akakhala ndi nyumba pansi pomwepo angathe kugwira ntchito masiku ambiri, nadzakwera kamodzi kokha pomaliza.

Nyumba yoyamba, Conshelf I, adaimiza mu 1962 kufupi ndi Marseille. Amuna awiri, Albert Falco ndi Claude Wesly, adakhalamo sabata yathunthu pa kuya kwa mamita 10. Chaka chotsatira adamanga kamudzi ndithu ku Sha'ab Rumi, m'Nyanja Yofiira kufupi ndi Sudan. Kumeneko anthu adakhala mwezi wonse, akudya, akugona ndi kuphunzira za nsomba, ndipo awiri adatsikira m'kanyumba kena pa mamita 30 kwa sabata imodzi. Adatengako ngakhale chinkhwe! Mu 1965, kufupi ndi Nice, amuna 6 adakhala masabata 3 pa kuya kwa mamita 100, ndipo mmodzi wa iwo adali Philippe, mwana wake wa Cousteau.

Gawo lina la ndalama za ntchitoyi lidachokera kwa a mafuta a ku France. Iwowa sadapereke chifukwa chokonda nsomba ayi. Adafuna kudziwa ngati anthu angathe kukonza zitsime za mafuta pansi pa nyanja, ndipo amuna 6 aja adayesetsedwadi ntchito yotere. Ine ndiganiza kuti Cousteau adadziwa bwino lomwe chimene eni ndalama adali kufuna, koma popanda iwo mudzi uja sukadamangidwa. Zina zidachokera ku mafilimu ake. Filimu ya mudzi wa ku Sudan, World Without Sun, idalandira mphoto ya Oscar.

Itatha nyumba yachitatu sadamangenso ina. Mtengo wake udali waukulu, ndiponso maganizo ake adali kusintha, popeza m'maulendo ake adaona nyanja zikuipitsidwa ndi nsomba zikuchepa. Munthu yemwe uja adathandiza ofuna mafuta adasanduka woteteza nyanja. Mu 1973 adayambitsa bungwe la Cousteau Society, limene anthu wamba adali kusonkhera ndalama, ndipo atakalamba adalimbana nawo amene adafuna kukumba miyala ya mtengo ku Antarctica.

Calypso idagundidwa ndi chombo china nimira padoko la Singapore mu Januwale 1996. Adaivuula, koma mwini wake sadayendenso nayo. Cousteau adamwalira ku Paris pa 25 Juni 1997, ali ndi zaka 87.