Bill Robinson, Katswiri wa Gule wa Mapazi

M'dziko la America muli gule wina wotchedwa tap. Gule ameneyu salira ng'oma, pakuti mapazi a wovinayo ndiwo amakhala ng'oma yake. Munthu amagogoda pansi ndi nsonga za mapazi ndiponso zidendene, ndipo mgugu wake umayendera limodzi ndi nyimbo. Mmodzi wa akatswiri a guleyu anali Bill Robinson, amene ankatchedwanso Bojangles.

Robinson anabadwa pa 25 Meyi 1878 mumzinda wa Richmond, m'chigawo cha Virginia. Makolo ake anamwalira iye akali wamng'ono, motero analeredwa ndi agogo ake aakazi, amene kale adali kapolo. Ukapolo unatha m'chaka cha 1865, komabe anthu akuda anali osauka ndi onyozedwa. Mwanayo anayamba kuvina m'misewu ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo odutsa ankamuponyera timakobiri. Atasinkhuka anapita ku Washington kukagwira ntchito yosamala akavalo a mpikisano. Pambuyo pake analowa m'gulu la zisudzo loyendayenda, ndipo m'chaka cha 1900 anapambana mpikisano wovina ku New York.

Masiku amenewo tsankho linali lalikulu. M'nyumba zambiri za zisudzo za azungu munthu wakuda sankaloledwa kuonekera yekha pansanja. Ankayenera kukhala awiri. Chifukwa cha ichi Robinson anavina ndi mnzake George W. Cooper kuyambira 1902 mpaka 1914. Ovina ena akuda ankadzipaka zakuda kumaso kuti oonerera aziwaseka, koma iye anali mmodzi wa oyamba kuleka mchitidwe wonyazitsawu. Luso lake litadziwika, eni nyumba za zisudzo anagonja, namulola kuvina yekha.

Kodi luso lakelo linali lotani? Ovina ambiri akale ankaponda pansi ndi phazi lonse, mwamphamvu. Robinson ankaimirira chilili ndi kuvinira pansonga za mapazi, mopepuka ngati mbalame. Nsapato zake zinali ndi matabwa kunsi, ndipo kugogoda kulikonse kunkamveka pakokha, kosasokonezeka ndi kunzake. M'chaka cha 1918 anayamba kuonetsa gule wa pamakwerero. Ankakwera ndi kutsika makwerero a matabwa akuvina, ndipo khwerero lililonse linkalira mosiyana ndi linzake, monga imachitira mitengo ya mangolongondo. Luso lotere silibwera lokha. Iye ankayeserera kosalekeza, ngakhale atatchuka kale.

Mbiri yake inakula kwambiri m'chaka cha 1928, pamene anavina m'sewero lotchedwa Blackbirds of 1928 ku Broadway, msewu wa nyumba zazikulu za zisudzo ku New York. Apa nkuti ali ndi zaka 50. Kenaka anaitanidwa ku Hollywood kukasewera m'mafilimu. Mufilimu yotchedwa The Little Colonel, ya m'chaka cha 1935, anavina pamakwerero atagwirana dzanja ndi kamtsikana kachizungu, Shirley Temple. Anthu ochuluka anasangalala, koma kummwera kwa dzikolo ena anadula mbali yogwirana dzanjayo chifukwa cha tsankho. Awiriwo anasewera limodzi m'mafilimu anayi.

Ngakhale zinali choncho, opanga mafilimu kawirikawiri ankangomupatsa mbali ya wantchito wa m'nyumba ya mzungu. Anthu ena akuda ankamudzudzula chifukwa chovomera zimenezi. Ena ankaona kuti akutsekulira anzake khomo limene linali lotsekedwa. M'chaka cha 1943 anapatsidwa mbali yaikulu mufilimu ya Stormy Weather, imene osewera ake anali anthu akuda. Iyi ndiyo inali filimu yake yotsiriza.

Robinson anali wa thupi lolimba. Ankatha kuthamanga chambuyo mwaliwiro lodabwitsa, ndipo m'chaka cha 1939, pokondwerera kuti wakwanitsa zaka 61, anavina mtunda wautali mumsewu wa Broadway. Analinso wopatsa. Ankavina mwaulere pamisonkhano yosonkhera ndalama anthu ovutika. M'chaka cha 1933 anaona ana a sukulu akuda akuvutika kuwoloka msewu wodzaza magalimoto kwawo ku Richmond. Iye anatulutsa ndalama zake kuti pamphambanopo aikepo magetsi olamulira magalimoto.

Koma anali ndi chofooka chake. Ankakonda juga, ndipo ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwake. Ngakhale analandira chuma chambiri, anamwalira ali wosauka pa 25 Novembala 1949, ali ndi zaka 71. Komabe akulu anati kupatsa nkuika. Mnzake Ed Sullivan anakonza mwambo wa maliro, ndipo anthu zikwizikwi anandandalika m'misewu ya New York kudzamuperekeza.

M'chaka cha 1973 anthu a ku Richmond anaimika chiboliboli chake pamphambano pamene anaikitsa magetsi paja. M'chaka cha 1989 boma la America linasankha 25 Meyi, tsiku lake lobadwa, kukhala tsiku lokumbukira gule wa tap. Mwana wamasiye amene ankavinira timakobiri anasiya dzina limene silinaiwalike.

Mafunso

1. Kodi gule wa tap amavinidwa bwanji?
2. Ndani analera Robinson, ndipo chifukwa chiyani?
3. Tchulani zovuta ziwiri zimene anakumana nazo chifukwa cha tsankho.
4. Fotokozani mmene gule wa pamakwerero ankamvekera.
5. Kodi anawachitira chiyani ana a sukulu a ku Richmond?
6. Kodi mwambi wakuti kupatsa nkuika ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?