BISHOPU STEERE, WOMANGA KACISI PA MSIKA WA AKAPOLO

Mwezi uno tikumbuke Bishopu Edward Steere, amene anabadwa ku London m'caka ca 1828. Poyamba anaphunzira za malamulo, koma anasiya nchitoyo, nakhala wansembe. M'caka ca 1863 anadza ku mtsinje wa Shire pamodzi ndi Bishopu Tozer. Ndipo popeza malungo anatha anzao ambiri, Misyoni inasamukira ku Zanzibar mu 1864.

Cisumbu cimeneco makolo athu anacidziwa ndi misozi. Anthu ogwidwa kuno anaoloka nyanja pa Nkhotakota, nayenda m'magoli kufikira ku Kilwa, ndipo ambiri otsala ndi moyo anagulitsidwa pa msika wa Zanzibar ngati mbuzi. Msikawo unatsekedwa mu June 1873. Ndipo pa Krisimasi ya caka comweco anaika mwala woyamba wa kacisi wa Christ Church pamalo pomwepo.

Steere, amene anadzozedwa Bishopu mu 1874, sanaphunzire zomangamanga ku sukulu, koma anayang'anira amisiri yekha, nakwera nao pamwamba pa makoma. Denga silinali la mitengo kapena la malata: anaphwanya miyala ya m'nyanja yamcere, naisanganiza ndi simenti, naliumba lokhota ngati uta. Ambiri anayesa kuti lidzagwa pocotsa mitengo yocirikiza. Koma anaicotsa, ndipo liri ciimire kufikira lero. Kacisi anatsegulidwa pa Krisimasi ya 1879. Anthu amanena kuti guwa la nsembe liri pamene panali mtengo wokwapulirapo akapolo.

Pomanga ndi miyala sanaiwale anthu. Anasandutsa Mau a Mulungu m'ciSwahili. Mu 1875 anayenda pansi kufikira kwa Mataka, mfumu ya aYao. Ndipo mu 1876 anatsogolera akapolo oomboledwa, nawakhazika pa Masasi. Anamwalira pa 27 August 1882, naikidwa kumbuyo kwa guwa la nsembe la kacisi wace.

Ife tikadakhalapo, kapena tikadathawa malo amwaziwo, ndi kuwayesa otembereredwa. Iye anawasankha dala, kuti pamene munthu anayesedwa mtengo wa nsaru, pomwepo agwade pa Gome la Ambuye monga mwana wa Mulungu. Cifukwa cace, abale, poumba njerwa za kacisi wa m'mudzi mwathu tisanyozere, ngakhale denga lace likhale la udzu. Ndipo tisakanize munthu ali yense kulowamo, angakhale mdzukulu wa kapolo, angakhale mdzukulu wa iye amene anamgulitsa.