Nkhope ya pa K50: Inkosi Gomani II

Ku America kuli anthu amene amasunga timakadi takale tokhala ndi zithunzi za osewera baseball, ndipo amafufuza mbiri ya aliyense wojambulidwapo. Kamodzi mwa timakadito, ka Honus Wagner, kanagulidwa pamtengo woposa madola 6 miliyoni mu 2021. Ife kuno tilibe chizolowezi chimenechi, koma m'matumba mwathu timayenda ndi nkhope za anthu a mbiri. Tikunena za ndalama zapepala zimene Reserve Bank of Malawi, ija ili ku City Centre, inatulutsa mu 2012.

Tengani K50. Lero mumsika wa ku Old Town siigula kanthu kooneka, ndipo ena akapatsidwa ngati chenji amangoisiya. Koma amene ali pamenepo ndi Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, mfumu ya Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu.

Iwo anali mwana wamng'ono pamene bambo awo, Gomani I, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Atakula analowa ufumu, ndipo kwa zaka zambiri ankagwira ntchito bwino ndi boma. Zinthu zinasintha pamene Angerezi anaganiza zophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya. Anthu kuno ankaopa kuti minda yawo ilandidwa ndiponso kuti tsankho la ku Southern Rhodesia lifika kwathu.

Mu 1953 Inkosi Gomani inauza anthu ake kuti asiye kumvera malamulo a boma a zaulimi, posonyeza kukana chitaganyacho. Sinauze munthu kuti anyamule mkondo. Boma linailamula kuti ibweze mawu ake, koma inakana ngakhale kuti inali kudwala. Inachotsedwa paufumu, ndipo apolisi atabwera ku Lizulu kudzaigwira, anthu anaitchinjiriza. Inawolokera ku Mozambique pamodzi ndi Michael Scott, wansembe wa Anglican amene ankathandiza Amalawi pankhaniyi. Apwitikizi anaibweza m'manja mwa Angerezi, ndipo inasungidwa kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo. Inamwalira mu 1954. Chitaganya chimene inkakana chija chinatha mu 1963.

Ana athu, tikupempheni chinthu chimodzi. Pezani K50 yosang'ambika, muiike pakati pa buku, ndipo papepala mulembe dzina la mwini nkhopeyo ndi zimene anachita. Muchite chimodzimodzi ndi K20 ya Inkosi M'mbelwa II, K100 ya James Sangala ndi K200 ya mayi Rose Chibambo. Makolo, ngati kunyumba kuli ndalama zakale zimene zinasiya kugwira ntchito, musazitaye; apatseni ana abwere nazo kusukulu tidzaphunzire limodzi. Ndalama zing'onozing'onozi zikusowa m'manja mwa anthu, ndipo tikachedwa, ana a m'mbuyomu adzakula osaiona nkhope ya mfumu imene inalolera kutaya mpando wake chifukwa cha dziko lino.