Ettore Bugatti, mmisiri amene magalimoto ake adapulumuka nkhondo ndi dzimbiri

Amene amayendayenda m'dziko muno, kaya ndi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Kandeu m'boma la Ntcheu, sangalephere kuona galimoto yakale itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Kawirikawiri mwini wake amakhala kuti adatisiya kalekale, ndipo ana ake amangodikira tsiku limene ogula zitsulo zakale adzatulukire ndi sikelo yawo.

Magalimoto ena odula kwambiri padziko lapansi adadutsa m'njira yomweyi. Ena adakwiriridwa m'nthaka, ena adatsekeredwa kuseri kwa khoma la njerwa, ina idakafika pamalo otayirapo zitsulo. Adawapanga ndi Ettore Bugatti, Mtaliyana amene adamwalira mu 1947 fakitale yake ili bwinja, mwana amene ankayembekezera kuti adzamulowa m'malo ali m'manda. Mbiri yake ikuonetsa kuti chuma chamasiye chimapulumuka pakapezeka wochisunga komanso wodziwa kuchikonza.

Bugatti adabadwa pa 15 Seputembala 1881 mumzinda wa Milan ku Italy, m'banja la anthu aluso la manja. Bambo ake, Carlo Bugatti, adali mmisiri wotchuka wa mipando ndi ziwiya zokongoletsera m'nyumba. Mng'ono wake, Rembrandt, adatchuka ndi luso loumba ziboliboli za nyama. Ettore naye adayamba kuphunzira zojambulajambula, koma mtima wake udali pa makina. Ali ndi zaka 17 adalowa ntchito kukampani ya Prinetti & Stucchi, yomwe inkapanga njinga zakapalasa ndi zamoto. Sadapite kusukulu ya uinjiniya. Zonse adaziphunzira ndi maso, pensulo ndi sipanala.

Mu 1901 galimoto imene adapanga idapata mphotho pachionetsero cha ku Milan. Kampani ya De Dietrich ya m'chigawo cha Alsace idachita naye chidwi ndipo idamulemba ntchito yojambula mapulani a magalimoto. Popeza adali asadakwanitse zaka 21, amene adasainira mgwirizano wa ntchitoyo adali bambo ake. Pambuyo pake adakagwira ntchito kukampani ya Deutz mumzinda wa Cologne ku Germany, kumene ankati akaweruka amatsikira m'chipinda chapansi cha nyumba yake kukapanga kagalimoto kakang'ono, kopepuka, kamene kadadzakhala chiyambi cha dzina lake.

Mu 1909 adatsegula fakitale yakeyake m'tauni ya Molsheim ku Alsace, m'nyumba zimene kale ankanyikiramo nsalu mu utoto. Panthawiyo Alsace idali m'manja mwa Germany. Chaka chomwecho mkazi wake Barbara adamubalira mwana wamwamuna, Jean.

Maganizo a Bugatti adasiyana ndi a anzake ambiri a nthawiyo, amene ankakhulupirira kuti liwiro limadza ndi injini yaikulu. Iye ankadana ndi kulemera. Ankafuna galimoto yopepuka, yomvera chiwongolero, imene chitsulo chake chilichonse ndi chosalala ndi chooneka bwino, ngakhale chobisika kunsi kwa boneti. Amisiri ake ankapala zitsulo za injini pamanja mpaka zigwirane bwino lomwe. Pafakitalepo adamangapo makola a akavalo, amene ankawakonda kwambiri, ndipo ankalamulira malowo ngati mfumu pamudzi pake. Antchito ankangomutchula kuti Le Patron, kutanthauza bwana.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka mu 1914, Bugatti adathawa ku Molsheim. Asadanyamuke adakwirira m'nthaka zipangizo za magalimoto ake ampikisano kuti asilikali asazilande. Adapita ku Milan, kenako ku Paris, kumene adapanga mainjini a ndege. M'zaka za nkhondo zomwezo, mu 1916, mng'ono wake Rembrandt adadzipha ali ndi zaka 31.

Nkhondo itatha Alsace idabwerera m'manja mwa France, ndipo Bugatti adabwerera kukafukula zimene adakwirira. Zitsulo zija zidatsukidwa, zidalumikizidwa, ndipo magalimoto amene adatulukamo adayambanso kuthamanga. Mu 1920 imodzi idapambana mpikisano wa magalimoto ang'onoang'ono ku Le Mans. Mu 1921 ku Brescia magalimoto a Bugatti adatenga malo onse anayi oyambirira. Aka kadali koyamba kuti ntchito ya manja ake iuke kuchokera m'dothi.

Zaka za m'ma 1920 zidali za ulemerero. Galimoto yotchedwa Type 35, imene idatuluka mu 1924, idapambana mipikisano yoposa 1,000. Idapambana mpikisano wa m'mapiri a Sicily wa Targa Florio zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 1925 mpaka 1929. Pamene mpikisano wa m'misewu ya Monaco udachitika koyamba mu 1929, wopambana adali William Grover-Williams, ndipo ankayendetsa Bugatti.

Kupambanako kudamupatsa mangolomera. Adaganiza zopanga galimoto yoposa zonse, yoyenera mafumu okhaokha, ndipo adaitcha Royale. Injini yake idali ya masilinda 8 ndi malita 12.7. Kutalika kwa galimotoyo kudapitirira mamita 6, ndipo kulemera kwake kudaposa matani 3. Pamwamba pa ladiyeta padaikidwa kachiboliboli ka njovu itaima ndi miyendo yakumbuyo, kotengera ntchito ya malemu Rembrandt. Cholinga chidali kupanga magalimoto 25.

Nthawi idamulakwira. Mu 1929 chuma cha maiko chidagwa, ndipo olemera adayamba kubisa ulemerero wawo. Mfumu Alfonso XIII ya ku Spain, imene ankayembekezera kuti igula, idachoka pampando mu 1931. Palibe mfumu ngakhale imodzi imene idagula Royale. Magalimoto 6 okha ndiwo adatsala atapangidwa, ndipo atatu okha ndiwo adapeza ogula. Woyamba adali Armand Esders, wamalonda a zovala, amene adapempha kuti yake isakhale ndi nyali zakutsogolo popeza sankayenda usiku. Wachiwiri adali dokotala wa ku Germany, Josef Fuchs. Wachitatu adali Mngelezi, Cuthbert Foster. Atatu otsalawo adakhala pakhomo pa Bugatti.

Chimene chidapulumutsa kampaniyo ndi mainjini a Royale amene adasowa ntchito. Bugatti adawaika m'sitima zapamtunda zothamanga kwambiri, zimene zidayamba kunyamula anthu panjanji za ku France mu 1933. Injini yopangira mafumu idathera pa kunyamula anthu wamba.

Mu 1936 antchito m'mafakitale ambiri a ku France adanyanyala ntchito, ndipo a ku Molsheim nawo adachita chimodzimodzi. Bugatti, amene ankadziona ngati tate wa antchito ake, zidamupweteka kwambiri. Adasamukira ku Paris, n'kusiya fakitale m'manja mwa Jean. Mnyamatayo adali kale ndi dzina. Ndiye adajambula maonekedwe a ena mwa magalimoto a Royale, ndipo ndiye adatsogolera ntchito ya Type 57, imene ambiri amaiwerengera m'gulu la magalimoto okongola koposa a nkhondo yachiwiri isadayambe. Muutsogoleri wake Bugatti idapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans mu 1937 ndi mu 1939.

Pa 11 Ogasiti 1939, Jean ankayesa galimoto yomwe idapambana ku Le Mans ija pamsewu wa pafupi ndi Duppigheim. Munthu wa panjinga adatulukira mumsewu, Jean adamuzemba ndipo adakawomba mtengo. Adafera pomwepo ali ndi zaka 30. Patangotha masabata atatu nkhondo yachiwiri yapadziko lonse idayamba.

Germany italanda France mu 1940, Bugatti adakakamizika kugulitsa fakitale ya Molsheim kwa Mjeremani wina, Hans Trippel. Banja lake lidachitanso zimene lidachita mu 1914. Magalimoto atatu a Royale osagulidwa aja adabisidwa panyumba ya banjali ku Ermenonville, kumpoto kwa Paris, ndipo kutsogolo kwake kudamangidwa khoma la njerwa kuti asilikali a Nazi asawaone.

Barbara adamwalira mu 1944. Nkhondo itatha boma la France lidalanda fakitale ija, ndipo Bugatti, amene zaka zonsezi adakhala nzika ya Italy, dziko limene lidamenya nkhondo kumbali ya Germany, adayenera kuimenyera kukhoti. Adakhala nzika ya France mu 1946, ndipo mlandu adaupambana pa apilo mu 1947, ali kale wodwala kwambiri. Adamwalira pa 21 Ogasiti 1947 kuchipatala cha ku Neuilly-sur-Seine, pafupi ndi Paris, ali ndi zaka 65. Adaikidwa m'manda a banja ku Dorlisheim, kufupi ndi Molsheim.

Ana ake adatsala ndi dzina lalikulu, fakitale yofooka ndi magalimoto akuluakulu omwa petulo wambiri m'dziko limene nkhondo idalisiya pa umphawi. Mu 1950 mwana wake wamkazi woyamba, L'Ébé, adagulitsa magalimoto awiri a Royale kwa Briggs Cunningham wa ku America. Malipiro ake adali ndalama yochepa pamodzi ndi mafiriji awiri atsopano a General Electric, amene ku France adali osowa panthawiyo. Imodzi mwa magalimoto awiriwo idadzagulitsidwa pa okushoni ku London mu 1987 pamtengo wa mapaundi 5.5 miliyoni, umene udali mtengo woposa wa galimoto ina iliyonse yogulitsidwa pa okushoni kufikira nthawiyo.

Royale ya dokotala Fuchs ndiyo idayandikira kwambiri imfa. Mwini wake adachoka ku Germany ndi galimoto yake m'zaka za m'ma 1930 ndipo adakakhazikika ku New York. M'nyengo ina yozizira madzi a mu injini adaundana n'kung'amba chitsulo chake chachikulu. Wokonza adasowa, ndipo galimotoyo idakathera kwa ogula zitsulo zakale. Kumeneko ndi kumene Charles Chayne, injiniya wamkulu wa magalimoto a Buick, adaipeza m'zaka za m'ma 1940 ndi kuigula pamtengo wa madola 400.

Chayne adadziwa chimene adagula. Adakonzetsa injini yong'ambikayo, adachotsa kabuleta imodzi imene idalipo n'kuikapo zinayi, adasintha mabuleki, ndipo mtundu wakuda adausintha kukhala woyera. Adaiyendetsa zaka zingapo, kenako iye ndi mkazi wake adaipereka kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Henry Ford ku Dearborn, kumene ili mpaka lero. Akatswiri a masiku ano amagawanika pa ntchito ngati imeneyi. Ena amafuna kuti galimoto yakale ibwezeretsedwe ndendende monga idatulukira m'fakitale. Ena amati penti yakale ndi zipsera zake ndi mbiri yosayenera kufufutidwa. Koma onse amavomereza kuti pakadapanda Chayne, galimoto ija ikadasungunulidwa m'ng'anjo.

Royale ya Bugatti mwini, yotchedwa Coupé Napoléon, idagulidwa mu 1963 ndi Fritz Schlumpf, mwini mafakitale a nsalu ku Mulhouse. Iye ndi mkulu wake Hans adasonkhanitsa magalimoto akale mazanamazana mwachinsinsi, ndipo adalemba amisiri apadera owakonza. Mafakitale awo a nsalu atagwa ndipo anthu atachotsedwa ntchito, antchito okwiya adalanda nyumba yosungiramo magalimotoyo mu 1977 ndi kuitsegulira anthu onse. Abale awiriwo adathawira ku Switzerland. Boma la France lidateteza magalimotowo ngati chuma cha fuko, ndipo malowo adatsegulidwa mwalamulo mu 1982. Magalimoto onse 6 a Royale akadalipo, ndipo mu 1985 adasonkhanitsidwa pamalo amodzi ku Pebble Beach m'chigawo cha California.

Magalimoto ena a Bugatti akupezekabe m'malo oiwalika. Dokotala wina wa ku Newcastle ku England atamwalira mu 2007, achibale ake adatsegula galaja yake ndi kupezamo Type 57S ya mu 1937, itakutidwa ndi fumbi, isadayende kwa zaka pafupifupi 50. Sadathamangire kuipaka penti kapena kuchotsamo zipangizo. Adaitana odziwa, ndipo mu Febuluwale 2009 idagulitsidwa ku Paris pamtengo wa mayuro pafupifupi 3.4 miliyoni. Chimene chidakweza mtengowo n'chakuti injini, chesisi ndi thupi lake zidali zomwezo za m'fakitale, ndipo mbiri ya eni ake kuyambira woyamba, Earl Howe, idali yodziwika.

Kampani imene Ettore adasiya idalephera kudzukanso, ndipo mu 1963 idagulidwa ndi Hispano-Suiza. Dzinalo lidagona mpaka 1987 pamene Romano Artioli wa ku Italy adaligula. Mu 1998 lidapita m'manja mwa Volkswagen, imene idabwezeretsa ntchito yopanga magalimoto ku Molsheim ndi kutulutsa Veyron mu 2005.

Galimoto yokhala pa njerwa ku Kawale kapena ku Kandeu mwina sidzafika pa okushoni ya ku Paris, ndipo zambiri mwa izo n'zosatheka kukonza. Komabe mbiri ya Bugatti ili ndi phunziro kwa banja lililonse lolandira chuma chamasiye. Mwana wake weniweni adasinthanitsa chuma cha mamiliyoni ndi mafiriji chifukwa cha mavuto a nthawi yake, pamene mlendo wodziwa makina adatola chimene ena adachiyesa chitsulo cha pasikelo. Musadaitane wa sikelo, funsani makaniko wakale kuti galimotoyo ndi yamtundu wanji ndipo ndi ya chaka chiti, funafunani bulubuku yake, ndipo ifundikeni kuti mvula isailowe.