MBIRI YA HUMPHREY BOGART, MKULU WA NGALAWA YA M'KANEMA

Anthu ambiri a mu Livingstone amalidziwa dzina la African Queen cifukwa ca ngalawa imene yakhala ikunyamula alendo pa Zambezi. Koma dzinali linayamba kuchuka ndi kanema wa mu 1951, ndipo sabata ino tikukupatsirani mbiri ya munthu amene anali mutu wa seweroli, malemu Humphrey Bogart.

A Bogart anabadwira mu mzinda wa New York pa 25 December 1899. Atate awo anali dokotala, ndipo amai awo anali katswiri wojambula zithunzi. Ngakhale anabadwira m'banja lopeza bwino, sukulu siinawayendere, kotero mu 1918 analowa usilikali wa pamadzi. Nkhondo itatha anayamba nchito m'nyumba za masewero, ndipo anatha zaka zoposa khumi akupatsidwa mbali zazing'onozing'ono.

Mwai unawapeza mu 1935, pamene anacita mbali ya cigawenga m'sewero lochedwa The Petrified Forest. Eni kampani ya Warner Brothers atafuna kulisandutsa kanema, anaganiza zopatsa mbaliyo munthu wina wochuka kale. Koma a Leslie Howard, amene anali mutu wa seweroli, anakana kusewera popanda mnzao. Eni kampani anagonja, ndipo kanemayo anatuluka mu 1936. A Bogart sanaiwale cifundo cimeneci: mwana wao wamkazi wobadwa mu 1952 anamucha Leslie.

Komabe mbali ya cigawenga inawakanirira ngati cipsera. Kwa zaka zisanu anapatsidwa mbali za anthu oipa, amene kawirikawiri anali kufa ndi mfuti kumapeto. Zinthu zinasintha mu 1941 ndi The Maltese Falcon, kanema woyamba kutsogoleredwa ndi a John Huston. Mu 1942 anasewera ndi Ingrid Bergman mu Casablanca, ndipo dziko linaona kuti munthu wa nkhope youmayu akhoza kusewera nkhani ya cikondi. Mu 1945 anakwatira Lauren Bacall.

The African Queen anacokera m'buku la C. S. Forester la mu 1935. Nkhani yake icitikira m'dziko la German East Africa mu 1914, pamene woyendetsa ngalawa, cidakwa cosasamala za mawa, athawa pamtsinje pamodzi ndi mlongo wa mmishonale, natsimikiza mtima kukamiza sitima ya nkhondo ya Ajeremani. Anthu awiri osiyana makhalidwewa amayamba ndi kunyansana, koma mabvuto a paulendo amawalumikiza. M'bukumo mwamunayo ndi mmphawi wa ku London, koma popeza a Bogart sanathe kulankhula Cingerezi ca kumeneko, olemba anamusandutsa munthu wa ku Canada. Mbali ya mkazi inapatsidwa kwa Katharine Hepburn. Onse awiri anali acikulire: a Bogart anali ndi zaka 51, mai Hepburn 44.

Mbali yaikulu ya kanemayu inajambulidwa mu Belgian Congo ndi mu Uganda. Pafupifupi onse anadwala m'mimba cifukwa ca madzi oipa, ndipo mai Hepburn anabvutika kwambiri. A Bogart ndi a Huston anapulumuka, pakuti madziwo sanali kuwamwa. Iwo anali kudalira mowa wa whisky. Ngalawa imene anagwiritsa nchito inapangidwa ku England mu 1912, ndipo dzina lake loyamba linali Livingstone.

Nkhaniyi ikhudzanso dziko lathu. Ambiri akhulupirira kuti sitima ya Ajeremani ya m'nkhaniyi inacokera pa Graf von Goetzen, imene Ajeremani anaimiza dala pa nyanja ya Tanganyika mu 1916. Angerezi anaibvuula, ndipo mu 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina la Liemba. Kwa zaka zambiri inanyamula anthu ndi katundu pakati pa Kigoma ndi Mpulungu. Tiyeneranso kukumbukira kuti kanemayu, monga ena a nthawi ya atsamunda, aonetsa eni dziko patali cabe: mudzi wao utenthedwa kuciyambi, koma palibe mmodzi wa iwo amene nkhani yake imveka.

Mu March 1952 a Bogart analandira mphoto ya Oscar cifukwa ca mbali imeneyi, napambana ngakhale a Marlon Brando. Inali mphoto yao yoyamba ndi yotsiriza ya mtundu umenewu, ndipo inabwera atatha zaka 30 pa nchitoyi.

Fodya ndi mowa zinali zitaononga kale thupi lao. Mu 1956 madokotala anawapeza ndi matenda a khansa ya kum'mero, ndipo anamwalira ku Los Angeles pa 14 January 1957, ali ndi zaka 57. Anasiya mkazi ndi ana awiri aang'ono.