MWALIMU NYERERE NDI NYUMBA YACE YA KU MSASANI

Ife a m'migodi ndi m'mafamu tidziwa kuti munthu akakwezedwa kukhala kapitao, mwezi womwewo afuna suti ndi njinga, ndipo ndarama zotumiza kumudzi zicepa. Cifukwa cace tikumbuke Julius Nyerere, mwana wa mfumu Burito ya ku Butiama, wobadwa m'caka ca 1922.

Iyeyu anali mphunzitsi ku Pugu, pafupi ndi Dar es Salaam, kufikira 1955. Atakhala mtsogoleri wa dziko, sanakonda kugona m'nyumba yaikuru imene Bwanamkubwa adaisiya. Anakongola ndarama ku banki monga munthu wamba, namanga nyumba yace ku Msasani, m'mbali mwa nyanja, nakhalamo ndi mkazi wace Maria ndi ana ao.

M'caka ca 1966 ophunzira a ku koleji anaguba m'mzindamo kukana nchito yotumikira dziko, nadandaula kuti akuru a boma alandira zambiri. Nyerere anawabweza kwao. Koma tsiku lomwelo anadula malipiro a iye mwini, pa masilingi 5 ali onse nacotsapo imodzi. Mu 1967 Cilengezo ca ku Arusha cinaletsa atsogoleri kulandira malipiro awiri kapena kukhala ndi nyumba za lendi.

Sitibisa kuti njira zace zina zinasautsa anthu: m'zaka zotsiriza za ulamuliro wace amai a m'Dar es Salaam anaima pa mizere kufuna sopo ndi shuga. Koma iye sanalemera pa usiwa wao. Mu 1985 anatula udindo yekha, nabwerera ku Butiama kukagwira khasu. Anamwalira ku London mu 1999, naikidwa kwao.